Funsani Adokotala: Kodi nyama ya nkhumba imayambitsa khunyu?

Funso: Adokotala, mchimwene wanga wa zaka 34 wayamba kugwa khunyu chaka chino, chikhalirecho kumtundu kwathu matendawa kulibe. Ena akuti ndi kanyenya wa nkhumba amene amakonda pamsika, ena akuti anamulodza. Zoona ndi ziti? *Mayi wa ku Bembeke, Dedza*

Yankho: Mayi, nkhumba ikhoza kukhalamo m'nkhaniyi, koma osati mmene anthu akunenera. Khunyu ikayamba munthu ali wamkulu kale, m'dera loweta nkhumba ngati kwanuko, timayamba takayikira njoka ya m'mimba yotchedwa Taenia solium. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati m'madera amene njokayi ndi yofala, odwala khunyu pafupifupi atatu mwa khumi alionse amadwala chifukwa cha iyo.

Imayenda chonchi. Nkhumba yongoyendayenda ikadya chimbudzi cha munthu amene ali ndi njokayi, mazira ake amaswa n'kukakhazikika m'minofu ngati timatuza toyera, tonga njere za mpunga. Munthu akadya nyamayo isanapse, pakatha miyezi iwiri kapena itatu m'matumbo mwake mumakula njoka yotalika mamita awiri kapena kuposa. Mbali ya nyama imathera pomwepo: njoka m'mimba basi.

Zofika ku ubongo ndi mazira, ndipo mazirawo amachokera m'chimbudzi cha munthu. Amalowa m'kamwa kudzera m'manja osasamba, m'madzi a pachitsime chosatetezedwa, kapena m'kabichi ndi tomato wodyedwa wosatsuka. Akaswa amayenda m'magazi mpaka ku ubongo, nthawi zina ku fupa la msana, n'kupanga timatuza tomwe tija. Timatha kukhala phee zaka zambiri, ndipo kugwa kumayamba tikayamba kufa, ubongo ukatupa mozungulira. Nchifukwa chake ngakhale munthu amene chibadwire sanalaweko nkhumba amadwala, bola womuphikira ali ndi njokayo.

Pitani nawo achimwenewo kuchipatala cha boma. Mankhwala oletsa kugwa monga carbamazepine kapena phenobarbitone amwe tsiku lililonse, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa kugwa koopsa. Timatuzato timaoneka pa makina ojambula mkati mwa mutu otchedwa CT scan, omwe odwala a ku Dedza amawatumizira ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Tikapezeka tamoyo, dokotala amapereka mankhwala otipha otchedwa albendazole masiku 10 mpaka 14, pamodzi ndi mankhwala ochepetsa kutupa. Chonde musakagule nokha albendazole kapena mankhwala ena a njoka otchedwa praziquantel. Timatuza tikafera pamodzi popanda choletsa kutupa, mutu umawawa koopsa ndipo kugwa kumawonjezeka. Onse a pakhomo akayezetse chimbudzi, gwero likhoza kukhala pomwepo.

Akagwa, achotseni pafupi ndi moto, agonekeni cham'mbali, ndipo supuni kapena chala zisalowe m'kamwa. Thovu lawo silipatsira aliyense. Kugwedezeka kukapitirira mphindi 5, thamangirani kuchipatala. Kukomoka kobwera ndi kutentha thupi kapena kuuma khosi ndi nkhani ina: akhoza kukhala malungo a mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi (meninjaitisi), ndipo sizigonetsa.

Za kanyenyayo, moto wa pachiwaya umapsereza kunja mkati muli mofiira. Dulani nthuli muone, ikakhala yofiirira ibwerere pamoto. Pogula nkhumba yamoyo, itulutseni lilime muyang'ane ngati kunsi kwake kuli timatuza, ngakhale lilime lopanda timatuza silitsimikiza kuti nyama yonse ili bwino. Nkhumba zanu zikhale m'khola, ndipo chimbudzi chikhale ndi chitseko choti nkhumba isakankhe.