Zakuchitikiranizi zinandichitikiranso, ndinatsala pang'ono kusiya kamera

Achimwene, chithunzi cha kulowa kwa dzuwa mwaponya muno chija ndachiona, kumwamba koyera mbee, pansi pakuda bii, ndendende changa chija. Ndipo mmene akuyankhirani enawo m'makomentimu ndakumbuka zanga, mtima wayambanso kuwawa.

Unali mwezi wa Okutobala, nthawi ya lupsa, dzuwa likamalowa limafiira psuu chifukwa cha utsi. Ndinakwera minibasi masana kupita ku Chikangawa, ndalama ya thiransipoti yobwereka, kamera nayo ya msuweni wanga. Ndinakhala m'mbali mwa M1 maola atatu kudikira kuti dzuwa ligwere kuseri kwa mapiri a Viphya, mitengo ya payini ili patsogolo. Pobwerera galimoto zonse zinali zodzaza, ndinafika pa Katoto muno mu Mzuzu cha m'ma 9 usiku ndisanadye kanthu, koma mumtima muli chimwemwe chokhachokha.

Usiku womwewo ndinaponya chithunzicho m'gulu lina la ojambula pa WhatsApp, nkufunsa mwaulemu kuti ndikonze pati. Mkulu wina wojambula maukwati muno m'tauni anayankha ndi voice note. Anayamba ndi kuseka, kuseka kwenikweni, gulu lonse likumva. Kenako akuti kamerayo ndikabweze kwa eni ake, ine ndikayambe kabaza ku Chibavi. Akuti chithunzi chopendama ngati ndajambula ndili chiledzerere. Tinkhope toseka tinayamba kugwa ngati mvula. Ndinali ndakhala pa mkeka, nsima yazizira, manja akunjenjemera, ndikudikira kuti mwina mmodzi anene chanzeru. Palibe. Ndinafufuta chithunzicho, nkutuluka m'gulumo, miyezi inayi osagwiranso kamera.

Chimandipweteka nchakuti bambo amene uja vuto ankaliona. Akanatha kulinena m'mawu awiri. Koma pali anthu ena akagula lens yodula amaona ngati aliyense wongoyamba kumene akudzawalanda makasitomala, ndiye amafuna akuphe udakali khanda. Iwowo anabadwa akudziwa?

Amene anandidzutsa ndi mayi wina wa m'gulu lomwelo, anandipeza ku inbox. Sanandiyamikire, sanandinyoze. Anangofunsa kuti kuwala ndinayezera pati. Apo mpamene ndinamva kuti kamera siingakwanitse kumwamba kowala ndi pansi pamdima nthawi imodzi, uyenera kusankha. Yezerani kumwamba, tsitsani exposure (kuchuluka kwa kuwala m'chithunzi) kufika pa -1 kapena -2, ISO (mmene kamera imamvera kuwala) ikhale 100, bowo la lens likhale pa f/8 kapena f/11, ndipo jambulani RAW (fayilo yosunga zonse zimene kamera yaona). Pansi pakuda mukhoza kupadzutsa mu Lightroom kapena Snapseed, mapulogalamu okonzera zithunzi, koma kumwamba kukapsa kwapsa, sikubwereranso. White balance (setting ya mitundu ya chithunzi) ichotseni pa auto muiike pa cloudy, apo ayi kamera imadya kufiira konse kuja. Anandiuzanso kuti ndisamathawe dzuwa likangobira, mitambo imayaka bwino pambuyo pake, ngakhale kuno mdima sumachedwa. Mu Juni pofika 5:30 dzuwa lapita, ndiye 4:30 muzikhala mwafika kale pamalo. Ndipo musawononge ndalama kupita ku Nkhata Bay kukadikira dzuwa lilowe m'nyanja, kumeneko nyanja ili kum'mawa, nja m'bandakucha.

Ine langizo langa, musamadalire kwambiri magulu akuluakulu. Pezani anthu awiri amene ntchito yawo mumailemekeza, muziwatumizira iwowo. Tumizani ngati document chifukwa WhatsApp imafinya chithunzi, thambo limatuluka mizeremizere, anthu nkumakudzudzulani pa chinthu chimene si chanu. Lembani ma settings, ndipo funsani chinthu chimodzi, osati "chili bwanji?" chifukwa pamenepo mudzangolandira "nice" kapena chipongwe.

Komabe musasiye kuponya muno, mayi aja ndikanawapeza kuti ndikanabisa? Ngakhale bambo wachipongwe uja, pa kupendama ananena zoona, ndinakayang'ananso phiri linali likutsetserekadi kumanzere. Kuyambira pamenepo grid, mizere yowongolera chithunzi pa sikirini, ndimayatsa nthawi zonse. Ndiye amene akulalatirani pamwambapo musawabloke msanga, werengani kaye mutole chimene chilipo. Ine wanga uja ndinamubloka ndipo sindidzamutsegula.

Chanucho musafufute. Mtengo uli kumanjawo mwauika pabwino kwambiri. Nditumizireni choyambirira ku inbox madzulo ano tione ngati pansipo pangadzuke.