Mkuwa unakweranso mtengo, nanga ntchito za ku migodi zinapita kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chipata. Mchimwene wawo anachotsedwa ntchito ku migodi ya ku Copperbelt, dera la migodi ya mkuwa ku Zambia, kumayambiriro kwa 2009, atauzidwa kuti chuma cha dziko lonse lapansi chagwa. Patangotha zaka ziwiri mkuwa unakwera mtengo kuposa kale, koma iye sanapezenso ntchito yokhazikika. Mayiwo akufunsa kuti ndalamazo zinapita kuti, ndipo boma linali kuti.

Mayi, zikomo pondilembera. Zimene anauzidwa achimwene anu sizinali zabodza. Banki ya Lehman Brothers ku New York itagwa pa 15 September 2008, mabanki anasiya kukongozana, mafakitale anachepetsa kugula zitsulo, ndipo mkuwa umene mu July unkagulidwa pafupifupi madola 9,000 pa tani unatsika mpaka pansi pa madola 3,000 pofika December. Mgodi wa ku Luanshya unaimitsa ntchito, ndipo anthu zikwizikwi ku Copperbelt anabwerera kunyumba manja ali m'khosi. Zimenezo boma la Zambia silikanatha kuziletsa.

Chimene chimandiwawa ine ndi zimene boma linasankha mkati mwa mavutowo. Mu April 2008, pulezidenti Levy Mwanawasa ndi nduna yake ya zachuma Ng'andu Magande anali atangokhazikitsa msonkho wa windfall tax. Msonkhowu unapangidwa kuti uzigwira ntchito pokhapokha mtengo wa mkuwa ukakwera kwambiri, kuti dziko lizidyako nawo pa phindu lalikulu. Anakwezanso msonkho wolipira pa mkuwa wokumbidwa kuchoka pa 0.6 peresenti kufika pa 3 peresenti. Makampani a migodi anakwiya nazo. Mwanawasa anamwalira mu August chaka chomwecho, Rupiah Banda analowa m'malo mwake, ndipo mu bajeti ya 2009 nduna yatsopano Situmbeko Musokotwane inachotsa windfall tax ponena kuti ikufuna kuteteza migodi ndi ntchito za anthu.

Taganizani bwino apa, mayi. Mtengo utagwa, msonkho umenewu sunkaluma kampani iliyonse, chifukwa unkadikira mtengo wokwera. Kuuchotsa sikunapulumutse ntchito ya achimwene anu. Kunangotanthauza kuti mkuwa utadutsa madola 10,000 pa tani mu February 2011, boma linalibenso dengu lotungira phindu lija. Ena amati popanda kuchotsa msonkhowo makampani akanathawa, ndipo mantha amenewo ndimawamvetsa, poti mu 2002 kampani ya Anglo American inasiyadi migodi ya Konkola mtengo uli pansi. Koma ine ndimaona kuti zinali zotheka kuuimitsa kaye kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, osati kuutayiratu.

Za ntchito, yankho lake ndi lowawa. Migodi inatsegulidwanso ndithu. Wa ku Luanshya unatengedwa ndi kampani ya boma la China ya CNMC mu 2009. Koma kampani ikachotsa anthu nthawi ya mavuto imaphunzira kuti ingathe kukumba ndi antchito ochepa olembedwa mokhazikika, enawo n'kumawatenga kudzera mwa makontrakita, pa makontrakiti aafupi opanda penshoni yooneka. Munthu wa zaka makumi anayi amene wakhala pakhomo zaka ziwiri amapeza kuti malo ake atenga mnyamata wolandira zochepa.

Dziko la Chile nalo limadalira mkuwa, ndipo mphepo yomweyo inaliwomba. Kusiyana kwake n'kwakuti pa zaka zimene mtengo unali pamwamba, boma la Michelle Bachelet linkasunga ndalama m'thumba lapadera, ngakhale anthu ankainyoza nduna yake ya zachuma Andrés Velasco kuti ndi youmira. Mavuto atafika, mu January 2009 linatulutsa madola 4 biliyoni omangira misewu ndi nyumba, kuthandiza mabanja osauka ndi kusunga anthu pa ntchito. Zambia inalibe nkhokwe yotere. (Ife a ku Malawi tisaseke, chifukwa fodya wathu amatichita chimodzimodzi.)

Mkwiyo wa ku Copperbelt unaonekera pa chisankho cha September 2011, pamene Michael Sata anagonjetsa Rupiah Banda. Boma lake linakweza msonkho wa pa mkuwa wokumbidwa kufika pa 6 peresenti, koma windfall tax silinaubwezeretse. M'malo mwake, mu 2012 linakakongola madola 750 miliyoni pa msika wa kunja kudzera mu Eurobond (ngongole imene boma limatenga pogulitsa zikalata kwa amalonda akunja), kenako ngongole zina ziwiri zotere mu 2014 ndi 2015, ndipo mu November 2020 Zambia inalephera kulipira chiwongoladzanja chake. Ngati achimwene anu akadali ku Copperbelt, ndilembereninso mundiuze ntchito imene akugwira panopa ndi mmene akulipiridwira.