Pepala likati "negative" si ndiye kuti matenda palibe

Mayi, mwafunsa za achimwene anu amene akutentha thupi koma mayeso a mavairasi sanapeze kanthu. Ngati achimwene anuwo ayamba kuyankhula zosokonekera thupi likadali lotentha, bwererani nawo kuchipatala lero lomwe, ngakhale pepala la ku labu lalembedwa "negative". Musadikire mawa.

Mayeso a mavairasi amadalira tsiku lomwe magazi atengedwa. Thupi limatenga masiku angapo kuti lipange ma antibody, asilikali olimbana ndi vairasi, ndiye mukayeza IgM (antibody yoyamba kuoneka) tsiku lachiwiri kawirikawiri simupeza kanthu. Mwachitsanzo dengue, matenda a vairasi ofalitsidwa ndi udzudzu, m'masiku oyamba imapezeka ndi mayeso a NS1, oyang'ana kachidutswa ka vairasiyo, IgM yake imayamba kuoneka cha pa tsiku la 5. PCR, yomwe imafufuza vairasi yeniyeniyo, nayo imaphonya ngati thonje sanalilowetse bwino m'mphuno, kapena zoyezedwazo zakhalitsa pamalo otentha.

Choopsa zedi ndi vairasi ya herpes ikalowa mu ubongo. Zimayamba ngati chimfine, mutu kuwawa, thupi kutentha. Kenako munthu akuiwala mayina a ana ake, akuti akumva fungo lomwe ena nonse simukulimva, milomo ikungotafuna yokha, mwadzidzidzi wagwa akuphupha ngati wakhunyu. Madzi a pamsana akayezedwa PCR m'maola 72 oyamba amatha kutuluka negative matendawo alipo. Dokotala wodziwa ntchito sadikira pepala. Amayambitsa mankhwala a vairasiyi, acyclovir wodzera m'mitsempha, 10 mg pa kilogalamu iliyonse maola 8 aliwonse, amaika diripi yokwanira kuti impso zisavulale, n'kudzayezanso pakatha masiku 3 mpaka 7. Zikatsimikizika, mankhwalawo amapitirira masiku 14 mpaka 21. Akachedwa, ubongo womwe wawonongeka subwereranso, munthu amatha kufa, kapena kuchira koma osakumbukanso zinthu.

Koma pali madokotala ena amangoyang'ana pepala, wodwalayo osamuyang'ana n'komwe. "Sitinapeze kanthu, mwina ndi maganizo," basi amulembera amoxicillin kuti mzere uyende. Zimandikwiyitsa kwabasi! Antibiotic sapha vairasi. Kwa munthu amene ali ndi vairasi yotchedwa Epstein-Barr, amoxicillin amatha kumutulutsa zidzolo thupi lonse, kenako amulemba kuti sagwirizana ndi penicillin, gulu la mankhwala momwe muli amoxicillin, chikhalirecho vuto linali vairasi ija. Mulandu wonsewu umachokera pa kusafunsa funso limodzi lokha, loti kutenthaku kunayamba liti.

Komabe musapite kukakakamiza mankhwala ayi. Matenda ambiri a mavairasi amatha okha. Ngati malungo ayezedwa ndipo palibe, munthu akuganiza bwino, akumwa komanso akukodza, mulekeni apume. Wamkulu amwe paracetamol 500 mg mpaka 1 g maola 6 aliwonse, osapitirira 4 g patsiku. Aspirin ndi ibuprofen musamupatse mpaka atsimikize kuti si dengue, chifukwa zimachititsa magazi kutuluka mosavuta, ndipo mwana wamng'ono aspirin osamupatsa n'komwe. Dengue imavuta pomwe kutentha kwayamba kutsika: m'mimba kupweteka kwambiri, kusanza kosalekeza, nkhama kutuluka magazi.

Lembani papepala tsiku lomwe anayamba kutentha, tsiku lomwe anayezedwa ndi mankhwala onse amene wamwa. Mukafika, muwauze madokotala kuti wayamba kusokonekera mutu, ndipo muwafunse ngati sangayeze madzi a pamsana.