Kodi n'chifukwa chiyani AI imangondiyankha zapamwambamwamba?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Lunzu amene wangoyamba kumene kuweta nkhuku zanyama. Akuti: "Mwana wanga anandiikira AI pa foni, ati izindithandiza pa bizinesi. Ndinalemba kuti 'ndithandize pa bizinesi ya nkhuku'. Inandiyankha zambirimbiri, zoti ndifufuze msika, ndisamale ukhondo, ndilembe pulani. Zonsezi ndikuzidziwa kale. Kodi chinthuchi n'chachabechabe, kapena ineyo ndi amene sindidziwa kafunsidwe kake?"

Zikomo mayi polemba. Chinthucho si chachabechabe, ndipo inunso musadziderere. Nkhani yagona pakuti AI, imene ndi pulogalamu ya pa foni kapena kompyuta yoyankha mafunso ngati munthu, sikudziwani. Sidziwa kuti muli ku Lunzu, sidziwa kukula kwa khola lanu, sidziwa ngati muli ndi anapiye 50 kapena 5,000. Mukapita kuchipatala n'kungonena kuti "ndadwala", adokotala amayamba akufunsani kaye: mutu kodi, m'mimba kodi, zayamba liti? AI nthawi zambiri sifunsa. Imangolota kuti mwina ndinu munthu wina aliyense wa dziko lina lililonse, n'kukupatsani yankho loti likwanire onsewo. Yankho lotere silipindulira munthu.

Kaya pa foni yanuyo pali ChatGPT ya kampani ya OpenAI, imene inatulutsidwa mu Novembala 2022, kaya Gemini ya Google, Claude ya Anthropic, Copilot ya Microsoft, kapena Meta AI imene ena amaipeza mu WhatsApp, kagwiridwe kake ka ntchito n'kofanana. Zinaphunzitsidwa ndi zolembedwa zochuluka zedi, ndipo poyankha zimalumikiza mawu limodzilimodzi, kusankha amene akuyenera kutsatira pa zimene mwalembazo. Mukalemba zochepa, zimasowa poyambira.

Ndiye yesani kulemba motere: "Ndimakhala ku Lunzu, pafupi ndi Blantyre ku Malawi. Ndagula anapiye a nkhuku zanyama 100, ali ndi masiku atatu. Aka n'koyamba kuweta. Magetsi amathimathima, ndiye ndimawafunditsa ndi mbaula ya makala. Ndikufuna kudzagulitsa pakatha masabata sikisi. Undilembere zochita sabata iliyonse, makamaka za chakudya, kutentha kwa m'khola ndi katemera. Ulembe mwachidule, ndikuwerengera pa foni."

Mwanena komwe muli, zimene muli nazo, zimene mulibe, chimene mukufuna, komanso maonekedwe a yankho. Ndimeyi si yaitali, koma tsopano AI singakuuzeninso za makina ofunditsira anapiye a magetsi. Iyenera kukamba za mbaula, za kuopsa kwa utsi wa makala m'khola lotsekeka, za nthawi yochoka pa chakudya cha anapiye (starter) kupita pa chokulitsa (grower) ndi chomalizira (finisher), za matenda a chitopa ndi gumboro. Zoti mulibe chakuti n'zimene anthu ambiri amaiwala kutchula, pamene n'zimene zimasintha yankho kwambiri.

Ngati simukudziwa zoti mufotokoze, pali kanjira kamene ine ndimakakonda. Pamapeto pa funso onjezani kuti: "Usanayankhe, undifunse kaye mafunso amene ukufuna kudziwa." Ikufunsani za kukula kwa khola, za madzi, za ndalama zimene mwakonza, za kumene mudzagulitse. Mafunso enawo amakutsegulani maso pa zinthu zimene simunaziganizire n'komwe.

Chinanso, yankho loyamba si lomaliza. Oyamba kumene ambiri amafunsa kamodzi, kuwerenga, kukhumudwa, basi n'kutseka. Pitirizani kucheza nayo pomwepo, chifukwa imakumbukira zimene mwakambirana m'macheza omwewo. Iuzeni kuti "mfundo yachitatu sindinaimve, ufotokozenso ndi chitsanzo", kapena "zimenezo n'zodula, pali njira yotchipa?", kapena "watalikitsa, ufupikitse". Sikwiya, sitopa, ndipo simufunika kuchita nayo manyazi ngakhale mufunse chinthu chimodzi kasanu. Koma mukasintha nkhani, mwachitsanzo kuchoka pa nkhuku kupita pa kalata ya kusukulu ya mwana, tsegulani macheza atsopano kuti zisasakanikirane.

Pa nkhani ya chilankhulo ndinene mosabisa. Zolembedwa za Chichewa pa intaneti n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi za Chingelezi, choncho AI imathamanga bwino m'Chingelezi, m'Chichewa imatsimphina. Funso la Chichewa imalimva nthawi zambiri, koma poyankha itha kupeka mawu amene simunawamvepo chibadwire. Mukaona choncho, iuzeni kuti iyankhe m'Chingelezi chosavuta. Kusakaniza zilankhulo ziwirizi monga timachitira polankhula kulibe vuto, ndipo Chingelezi chothyokathyoka imachimva bwinobwino, sikusekani. Mawu ngati chitopa ndi bwino kuwalemba pamodzi ndi dzina lake lina la Newcastle, kuti isaganize za matenda ena.

Tsopano tifike pamene pamafunika kusamala. AI imalankhula motsimikiza ngakhale pamene ikunama, ndipo kamvekedwe ka bodza lake sikasiyana ndi ka zoona. Mu 2023 maloya ena ku New York anapereka kukhoti zikalata zotchula milandu yakale imene ChatGPT inangopeka, milandu yoti sinachitikepo. Woweruza anawalipiritsa chindapusa cha madola 5,000. Amenewa anali anthu ophunzira, odziwa ntchito yawo, koma anapusitsidwa chifukwa zolembazo zinkaoneka zadongosolo. Choncho pa nkhani ya muyezo wa mankhwala, masiku a katemera, kapena nkhuku zikayamba kufa, AI ikuthandizeni kumvetsa ndi kukonza mafunso, koma mawu omaliza akhale a alangizi a ziweto ndi zimene zalembedwa pa botolo la mankhwala. Mutha kuitumizira chithunzi cha nkhuku yodwala ndipo ikupatsani maganizo, koma matenda ambiri a nkhuku amafanana zizindikiro, chithunzi chokha sichikwanira.

Mitengo ndiye musaifunse n'komwe. Zimene AI inaphunzira zili ndi tsiku limene zinalekezera, ndipo ngakhale zimene zimatha kufufuza pa intaneti sizidziwa kuti thumba la chakudya lili pa zingati lero kwa ogulitsa a kwanuko. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mtengo umene unalembedwa penapake zisanachitike zimenezo ndi mbiri chabe. Chanzeru n'chakuti manambala muipatse ndinu. Lembani mtengo umene mwagulira anapiye, chakudya, katemera, makala, utuchi ndi thiransipoti, kenako funsani kuti: "Ngati nkhuku zisanu zitafa, ndigulitse imodzi pa zingati kuti ndisaluze? Undionetse mmene wawerengera." Mawu omalizawo ndi ofunika, chifukwa masamu imaphonyanso nthawi zina, ndipo ikaonetsa njira mutha kutsimikiza ndi kakyuleta ya pa foni.

Pali khalidwe lina la AI limene limandinyansa pang'ono: imakonda kuvomereza. Mukalemba kuti "pulani yangayi ndi yabwino, eti?" ikuyamikirani mpaka mumve kukoma mumtima. Funsani mwanjira ina: "Undiuze zofooka zitatu za pulaniyi, ndi zimene zingandigwetse." Pamenepo ndiye mumva za phindu, monga zoti nkhuku zanyama zikakhwima osagulidwa zimapitiriza kudya phindu lanu tsiku ndi tsiku, choncho ogula ayenera kupezeka nkhuku zisanakwane.

Za chinsinsi ndingokhudzako. Musalembemo PIN ya Airtel Money kapena Mpamba, nambala ya chiphaso cha unzika, kapena maina ndi manambala a foni a anthu amene ali nanu ngongole. Zimene mwalemba zimapita ku makompyuta a kampani, sizikhala mufoni mwanu mokha. Kampani ya Samsung inaletsa antchito ake kugwiritsa ntchito zida zoterezi pa makompyuta a kuntchito mu 2023, ena atalowetsamo zinsinsi za kampaniyo. Mukafuna thandizo lolemba uthenga wokumbutsa ngongole, ingonenani kuti "kasitomala wina", dzina mudzaikamo nokha potumiza.

Ntchito ngati imeneyo, yolemba uthenga, ndi imene AI imachita bwino kwambiri, ndipo ndi poyambira pabwino kwa inu. Iuzeni amene akawerenge, ndi mmene mukufuna kuti amve: "Undilembere uthenga waufupi woika pa gulu la WhatsApp la amayi a kutchalitchi, wowadziwitsa kuti nkhuku zikhala zitakwana Loweruka likubwerali, ndipo amene akufuna alembetse msanga. Ukhale waulemu koma wansangala. Undipatse mitundu itatu ndisankhepo." Sankhani umodzi, sinthani mawu amene sakumveka ngati anu, onjezani mtengo ndi malo okatengera, n'kutumiza.