Pansi pa khola la nkhuku tiikepo chani: kapeti, simenti kapena dothi lomwelo?

Mayi wina wa ku Chibavi mu mzinda wa Mzuzu wanditumizira imelo. Akuti ali ndi nkhuku 20 za Mikolongwe kuseri kwa nyumba, pansi pa khola ndi dothi, nde mvula ikangoyamba mumanunkha zedi, nkhuku zikungoponda matope ndipo makoswe akumba una pakona. Akufunsa ngati angagule kapeti wa pulasitiki uja timayala m'nyumba kuti ayale m'kholamo.

Mayi, kapetiyo musagule chonde, mungotaya ndalama. Kuno ku Mzuzu chimene chimavutitsa khola ndi chinyontho chochokera pansi. Mvula yathu imayamba cha mu Novembala kapena Disembala nkumagwabe mpaka Epulo ngakhale Meyi, ikangoti yasiya kwabwera kuzizira kwa Juni ndi Julaye ndi kamvula kowaza kaja, nde dothi silipeza mpata wouma, makamaka kwanuko ku Chibavi komwe kuli kotsika madzi ali pafupi. Mukayala kapeti pa dothi lotere mwatsekera chinyonthocho pansi, mumachita chuku, utitiri ndi mphemvu zapeza pobisala, makoswe nawo amangodutsa kunsi kwake inu osawaona. Pamwamba napo zitosi zikanyowa pamaterera, anapiye miyendo imapita uku ndi uku mpaka ena kulumala, komanso nkhuku sizisiya kupalasa, zimayamba kujompha m'mphepete nkumameza tizidutswa.

Ngati malowo ndi anu, ine ndinganene kuti thirani simenti basi. Koma osangothira pa dothi lomwelo ayi. Yambani mwakweza pansipo ndi zidutswa za njerwa ndi dothi, mutsindire bwinobwino kuti m'kati mukwere masentimita 15 kapena 20 kuposa panja, madzi a mvula asamalowe pakhomo. Pulasitiki ali ndi malo ake apa: pepala lakuda lija omanga amaika pa maziko, liyaleni pamenepo kenako konkiriti pamwamba pake, yochindikala masentimita 5 mpaka 7. Mmisiri mumuuze apendeketse pang'ono kulozetsa kukhomo kuti tsiku lotsuka madzi azituluka okha, asasalaze ngati pabalaza, ndipo simentiyo ikwereko pang'ono m'mbali mwa khoma chifukwa pakona pomwe khoma lakumana ndi pansi ndi pamene khoswe amaboolera. Muzithira madzi pa simentiyo sabata yathunthu nkhuku zisanalowe, mukapupuluma imang'ambika ndipo m'ming'alumo ndi momwe utitiri umakakhala.

Simenti yokha sikukwana. Imazizira kwambiri mu Juni, ndipo nkhuku zolemera ngati za Mikolongwe zikamadumphira pamalo olimba tsiku ndi tsiku zimatupa kunsi kwa phazi. Pamafunika zoyala, ndipo apa ife a ku Mzuzu tili ndi mwayi poti matabwa a paini a ku Chikangawa ali paliponse. Pitani kwa akalipentala mukapemphe zopala za matabwa, zija zopotanapotana zimatuluka akamapala thabwa, muyale zokwana masentimita 8 mpaka 10. Utuchi wosalala ngati ufa uja ine sindiukonda, uli ndi fumbi lambiri ndipo anapiye a masiku ochepa amaudya poyesa chakudya. Mufunsenso ngati matabwawo sanapakidwe mankhwala a chiswe kapena oyilo wakuda, ngati anapakidwa zisiyeni. Mankhusu a mpunga nawo ndi abwino kwambiri, sagwirana msanga, mutha kuwapeza ku zigayo zopunthira mpunga wochokera ku Karonga ndi ku Nkhata Bay. Makoko a mtedza amachita chuku akangonyowa. Mchenga umathandiza kumalo otentha ngati kunyanja, kuno suuma ndipo umazizira.

Zoyalazo muziziyesa ndi dzanja. Tapani dzanja lodzadza mufinye, mukatambasula zikayoyoka zili bwino, zikatsala zitaumbika ngati mbamu ya nsima zanyowa kwambiri, chotsani malo amenewo muthire zouma. Kenako gwadani mununkhize pansi pomwe pamafika mutu wa nkhuku, osati mutaimirira. Maso akayamba kuyabwa ndi kutuluka misozi ndiye kuti mpweya wa amoniya wochokera ku zitosi wachuluka, ndipo nkhuku zanu zimapuma umenewo usiku wonse, nchifukwa chake zina zimangokhala ndi chifuwa chosatha ndi maso otupa. Zoyala zonyowa ndi momwenso mumaswana tizilombo ta coccidiosis, matenda aja anapiye amachita zitosi zamagazi nkumangozyolika mapiko ali pansi. Malo amene amanyowa kwambiri ndi pozungulira chomwera madzi, chikwezeni pa njerwa kapena chimangeni ndi waya chilendewere, ndipo kawiri pa sabata muzitembenuza zoyalazo ndi fosholo.

Ngati muli pa lendi ndipo alandilodi sangalole simenti, mangani khola lam'mwamba, mita imodzi kuchokera pansi, pansi pake timatabwa kapena nsungwi zosiya mipata ya masentimita 2 kuti zitosi zizigwera pansi. Khoswe amavutika kufika, ndipo mukamasamuka mumaliphwasula nkunyamula. Vuto lake ndi mphepo yolowera kunsi, nde mu Juni ndi Julaye muzitchinga m'mbali ndi masaka, ndipo pozungulira nsanamira muzithira phulusa chifukwa linthumbu likakwera usiku anapiye onse mumawapeza atafa.

Zoyala zakale mukachotsa, sesani, tsukani ndi sopo wa ufa, pansi paume kaye musanayale zatsopano. Zochotsazo musataye komanso musathire pa mpiru kapena repu tsiku lomwelo, zimawotcha mizu. Ziunjikeni pambali muvundikire kwa miyezi iwiri kapena itatu ziwolerane, kapena musunge zitosi zouma za manyowa a Mbeya, aja osakaniza ndi gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono, nthawi ya chimanga.