Mbiri ya Lois Smoky ndi funso la mayi wa mtsikana wojambula

Mayi wina watilembera kuti mwana wawo wamkazi, yemwe ali Folomu 4, akufuna kukaphunzira luso lojambula zithunzi ndi penti. Pofuna kuwakopa, mtsikanayo anawaonetsa ntchito za Lois Smoky, wojambula wamkazi wa mtundu wa Kiowa, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a ku America. Mayiwo atamva kuti Smoky sanapite patali ndi lusoli, akufunsa ngati umenewu si umboni woti ntchitoyi ilibe tsogolo kwa mwana wamkazi.

Mayi, luso silinamukanike Smoky. Chimene chinamusowa ndi anthu omugwira dzanja kwa nthawi yaitali, ndipo mbali imeneyo ndi yanu.

Smoky anabadwa mu 1907 kufupi ndi Anadarko, ku Oklahoma. Anayamba kujambula pa sukulu ya mishoni ya St. Patrick's, ndipo Susie Peters, yemwe ankagwira ntchito ya boma pakati pa a Kiowa, ndiye anaona luso la ana angapo n'kuwapezera owaphunzitsa. Kenako Oscar Jacobson, mkulu wa zaluso pa University of Oklahoma mumzinda wa Norman, anawalandira. Sanalowe ngati ophunzira a digiri. Anapatsidwa chipinda, zipangizo ndi mphunzitsi, Edith Mahier. Smoky anafika kumeneko mu 1927, mtsikana yekha pakati pa Spencer Asah, Jack Hokeah, Stephen Mopope ndi Monroe Tsatoke. Makolo ake anachita lendi nyumba ku Norman, ndipo mayi ake anakakhala naye. Taonani kuti nkhani ya malo ogona ndi imene inatsegula njira.

Vuto linali pa mwambo. Kwa a Kiowa, kujambula anthu ndi zochitika inali ntchito ya amuna. Akazi ankakongoletsa zikopa ndi mizere komanso kusoka mikanda. Smoky anajambula anthu, makamaka amayi ndi ana. Olemba mbiri amati anzake ena aamuna sanakondwere naye. Sanakhalitse: anabwerera kwawo, James Auchiah n'kulowa m'malo mwake. Ntchito za gululi zinakaonetsedwa mumzinda wa Prague, ku Ulaya, mu 1928, ndipo mu 1929 zinasindikizidwa ku Nice, ku France, kuphatikizapo ya Smoky. Komabe kwa zaka zambiri gululi linkatchedwa Kiowa Five, iye osawerengedwa. Masiku ano ambiri amati Kiowa Six. Anakwatiwa, analera ana, anadziwika ndi mikanda, ndipo anamwalira mu 1981. Zithunzi zake n'zochepa, n'chifukwa chake osunga zakale amazifunafuna.

Tsopano kwa iwe mtsikana. Ngati kajambulidwe ka Smoky kakusangalatsa, kayese ndi manja ako, chifukwa kamaphunzitsa mwambo wa ntchito. Iye ndi anzake ankagwiritsa ntchito penti wosungunula ndi madzi koma wosaonekera mkati, wa mtundu wa gouache kapena tempera. Munthu amaima yekha papepala, kumbuyo kulibe phiri kapena mtambo, mitundu ili yosalala popanda mthunzi. Yamba ndi pensulo yopepuka. Sakaniza penti wokwanira gawo lonse nthawi imodzi, chifukwa ukathera pakati sudzapezanso mtundu womwewo, komanso gouache amasintha maonekedwe akauma. Madzi akachuluka pamatsala mikwasa ya burashi. Akachepa, penti amakhuthala n'kung'aluka. Usapake mtundu wachiwiri woyambawo usanaume, ndipo pakapo kamodzi kokha, poti burashi yonyowa imadzutsa penti wapansi n'kudetsa zonse. Pepala likhale lochindikala, la 300 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala), lopyapyala limakwinyika. Mizere ya m'mphepete ibwere pomaliza, ndi burashi yaing'ono yosongoka.

Koma usakope zovala ndi magule a Kiowa. Ndi za eni ake, ndipo zina n'zopatulika. Tengako njira yokha, ujambule zimene maso ako akuzidziwa.

Sukulu zambiri za zaluso zimafuna kuona ntchito zako, osati satifiketi yokha. Sonkhanitsa zithunzi 10 mpaka 15, zambiri zikhale zojambula ukuyang'ana chinthu chenicheni: manja, nkhope, nsalu yopindika. Zokopera pa foni aphunzitsi amazizindikira msanga. Masamu ndi Chingerezi usazitaye, poti maphunziro a digiri amayang'ana kaye zotsatira za mayeso. Funsanso poyera ngati kosi ikupereka pepala lovomerezeka pomaliza kapena ndi maphunziro apadera ngati aja a ku Norman.

Mayi, inu funsani zinthu zitatu musanalipire: mwana akagona kuti, m'kalasimo muli atsikana angati, ndipo akakumana ndi chipongwe akadandaula kwa ndani. Mugwirizanenso pabanja kuti apatsidwa zaka zonse za kosiyo, kuti pasadzapezeke wina womuitanitsa kumudzi chaka chisanathe.

Chithunzi chilichonse achisaine, alembe chaka kuseri ndi pensulo, achijambule ndi foni asanachigulitse, ndipo alembe m'kope amene wagula ndi mtengo wake. Zotsala azisunge chogoneka, pakati pa mapepala oyera, kutali ndi dzuwa ndi chinyezi. Wina akafuna kusindikiza ntchito yake pa makadi kapena m'buku, alemberane pangano lotchula dzina la wojambula, kuchuluka kwa makope ndi malipiro, chithunzicho chisanachoke m'manja mwake.