Ngati akufunadi uinjiniya, asasiye Chemistry

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Luchenza amene akulipirira sukulu mwana wa achemwali ake. Mtsikanayo wangolowa Fomu 3 pa sekondale ina yoyendera, ndipo chichitikire namondwe wa Freddy mu 2023, pamene milatho yambiri ya ku Mulanje ndi Phalombe inakokoloka, amangonena kuti adzakhala injiniya womanga milatho. Amalumewa akufunsa zinthu ziwiri. Kodi mwanayu angakaphunzire ku yunivesite ya sayansi ndi luso ya MUST, poti ndi pafupi ndi kwawo? Nanga amulole kusiya Chemistry, monga anzake akumulangizira, kuti atenge maphunziro opepukirapo ndi kudzapeza mapointi ochepa pa MSCE?

Amalume, ndiyambe ndi funso lachiwirilo chifukwa ndi limene lingawononge zinthu chaka chino chomwe. Musamulole.

Anzakewo sakunama kwenikweni. Pa MSCE amawerengera maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino, ndipo mapointi akachepa mudzi wonse umamva. Giredi 1 ndi 2 ndiye pamwamba penipeni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Kuti munthu aganiziridwe n'komwe ku yunivesite ya boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Koma limenelo ndi khomo lakunja chabe. Mkatimo digiri iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imayang'ana, ndipo ku uinjiniya ndi Masamu, Physics ndi Chemistry. Amene akufuna Biomedical Engineering, ya makina a m'zipatala, asamalenso Biology. Ndiye mwana atha kubwera ndi mapointi oti anthu mpaka kuimba nthungululu, koma ngati Chemistry sanalembe, kapena Masamu anangopulumukira, fomu yake ya uinjiniya siyenda. Kale inu mukuphunzira Physics ndi Chemistry zinali pamodzi monga Physical Science, pano anazigawa pawiri, ndipo m'pamene ana ambiri akumasiyira imodzi osadziwa chimene ataya.

Kirediti yokha sikutsimikizira malo. Ofuna ndi ambiri, malo ndi ochepa, choncho amene ali ndi 1 kapena 2 pa Masamu ndi Physics amayamba ndiwo kudya. Wa giredi 6 amakhala kuti malamulo wawakwaniritsa koma ali kumchira kwa mzere.

Ndikudziwa vuto la sukulu zambiri zoyendera kuno kwathu. Labotale kulibe, kapena ilipo koma mankhwala anatha kalekale, ndipo mwana amakaona zipangizo koyamba tsiku la mayeso. Ngati muli ndi kangachepe koti muwonjezere pa fizi, kaikeni pamenepa: mapepala a mayeso akale a MANEB, mabuku ake a Masamu ndi sayansi, ndi kupempha aphunzitsi kuti anawo azikayeserera ku sekondale yapafupi imene ili ndi labotale. Yunifomu yatsopano idikire.

Tsopano za MUST. Yunivesite imeneyi ili ku Ndata, kufupi ndi Goliati m'boma la Thyolo, ndipo inayamba kulandira ophunzira mu 2014. Uinjiniya umene imadziwika nawo ndi Chemical Engineering, Biomedical Engineering, Metallurgy and Materials, Manufacturing ndi Textile. Ndi maphunziro abwino, koma taonani kuti palibe pamenepa chokhudza milatho. Milatho, misewu, madamu ndi mapaipi a madzi ndi ntchito ya Civil Engineering, ndipo kwawo kwa imeneyi ndi ku MUBAS mu Blantyre, kumene ambirife timakutchulabe kuti ku Poly ngakhale inachoka pansi pa University of Malawi mu 2021. Komweko kulinso za magetsi, za makina ndi za migodi. Za ulimi wothirira ndi makina a kumunda zili ku LUANAR, ku Bunda. Madigiri a uinjiniya ku MUST ndi ku MUBAS amatenga zaka zisanu, osati zinayi, ndiye powerengera thumba lanu muikepo chaka chowonjezeracho.

Kunena zoona, kusankha sukulu chifukwa choti ndi pafupi ndi kunyumba sindikugwirizana nako. Kuchoka pa Luchenza kupita ku Limbe ndi minibasi imodzi, si ulendo woti n'kusinthira maloto a mwana. Komanso mumufunse bwino kuti chimene chamukoka n'chiyani. Mwina si mlatho weniweniwo koma kuona chinthu chikugwira ntchito. Mupite naye akaone mapaipi otenga madzi mu mtsinje wa Likhubula kupita ku Blantyre, kapena magetsi a madzi a ku Bondo pa mtsinje wa Lichenya, kapena makina ofotetsa ndi kuumitsa masamba mu fakitale ya tiyi ngati muli ndi wachibale wogwira ntchito ku esiteti. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi injiniya wake wosiyana. Akabwerako akunenabe za milatho, ndiye kuti ndi Civil basi.

Kafunsiridwe ka malo n'kosavuta. Zotsatira za MSCE zikatuluka, bungwe la NCHE, loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, limalengeza ndipo fomu imakhala imodzi ya mayunivesite onse a boma. Pa chilengezo chimenecho amalemba digiri iliyonse ndi magiredi amene ikufuna. Muchipeze cha chaka chathachi panopa, mwana akadali Fomu 3, achimate pakhoma. Podzadzaza fomu asadzaike madigiri olimbiranidwa okhaokha, aikepo ina imene magiredi ake akuifikira bwinobwino.

Zikadzavuta ulendo woyamba, njira zilipo ziwiri. Atha kubwereza mayeso, poti makirediti a maulendo awiri amaloledwa kuphatikiza. Kapena atha kuyamba ndi dipuloma ya zomangamanga kapena zamagetsi, ku makoleji a ntchito zamanja monga Soche ku Limbe ndi Nasawa ku Zomba, n'kugwirako ntchito, kenako n'kudzafunsira digiri mwachindunji ku yunivesite monga wophunzira wamkulu. Njira yachiwiriyi ndi yaitali ndipo fizi imakhala ya m'thumba, koma anthu ake amafika m'kalasi atagwirapo kale simenti ndi waya.

Za ndalama, akasankhidwa atha kufunsira ngongole ku bungwe la boma la HESLGB. Ndi ngongole ndithu, adzabweza akayamba ntchito, ndipo sikuti aliyense wofunsira amapatsidwa. Muyambiretu kusunga za malo ogona ndi laputopu, chifukwa zojambula za uinjiniya masiku ano zimachitikira pa kompyuta ndipo foni siingakwanitse.